Pansi pa Chiguduli

"Wayufi uyo akubwera!" ananong'ona Dorica, dothi likudontha m'manja.

Amayi onse amene ankamata khoma la sukulu ya mkaka ku Nsanama anauma pomwepo. Kuti amate bwino, anali atatsitsa chithunzi cha Pulezidenti n'kuchigoneka pansi, ndipo Abiti Sadiki, mkulu wa gululo, anachifunditsa chiguduli kuopa matope. Chithunzicho sichinkaloledwa kukhala m'munsi mwa chinthu china chilichonse, ndipo anthu ankatengedwa osabwerako pa milandu yochepa kuposa umenewu.

Wayufiyo, Elliam, mmodzi wa achinyamata a chipani, analowa ndi malaya ake ofiira, osaodira n'komwe.

"Msonkhano wa chiyani uno?"

"Iyayi, bambo, si msonkhano," anayankha Abiti Sadiki. "Tikuwakonzera ana athu pophunzirira."

"Makadi a chipani, nonsenu!" Kenako maso ake anagwera pakhoma. "Nanga msomali uwu uli wokha bwanji? Chithunzi chili kuti?"

Elliam analunjika pamsomalipo, jombo yake n'kutera pachiguduli paja. Galasi linamveka kuti phwa!

Anawerama n'kuvundukula pang'ono. Mng'alu unali utadutsa pankhope penipeni. Anavundikiranso msanga, thukuta lili kamukamu, n'kuyang'ana amayi aja mmodzimmodzi. Onse anali ataona kuti wachiswa ndi iyeyo.

"Amayi anga," anatero motsitsa mawu, "denga ili limadontha, eti? Udzu ndi nsungwi ndibweretsa ndine. Nanga ufa wa phala la ana mumakasiya kwa ndani?"