Getsi la Kuseri kwa Nyumba

"Ndayika magetsi m'mahotela, m'madoko ndi m'migodi ya mayiko asanu ndi awiri," anatero a Injiniya ali pamwamba pa makwerero. "Kuyambira lero, pakhomo pano sipadutsa munthu ine osamuona. Gwirani bwino makwererowo, mayi."

Mkazi wawo anagwira. Bambowa anali kumangirira getsi pamwamba pa chitseko cha kuseri. Pansi pa getsilo panali kadiso kagalasi komwe kamayatsa kokha kakaona chinthu chikuyenda.

Mayi ankadziwa yemwe akutcheredwa msamphawo. Zaka ziwiri zapitazo mwana wawo wachisamba anasiya koleji n'kukwatiwa ndi kondakitala wa basi. A Injiniya, omwe anali atauza kale dziko lonse kuti akulera dokotala, anamulozera geti n'kumuuza kuti phazi lake lisadzapondenso pamenepo. Koma kwa miyezi itatu tsopano mwanayo wakhala akubwera mozemba Lachisanu lililonse kukangoda, khanda kumbuyo, bambo ake ali pabalaza kuonera nkhani pa TV. Mayi ankamunyamula mdzukulu mphindi khumi basi, kukhitchini, monong'ona.

Ndipo tsikuli linali Lachisanu.

"Bwanji osaliyika kumaso, bambo? Akubatu amalowera kugeti."

"Akuba anga ndimawadziwa ndekha. Patseni pulayazi."

Anakoka waya wina wofiira, kuulowetsa paboo la khoma, n'kukaulumikiza ku swichi yatsopano mkati mwa khitchini. Ntchito inali m'manja, pakamwa posapuma. Kadisoko, anatero, kamaona mpaka pa mpanda, ngakhale mphaka sangakapusitse. Vuto lake ndi limodzi: chinthu chikaima duu kwa mphindi imodzi, getsi limazima.

"N'chifukwa chake pali swichiyi. Mukaidina, kadiso kalibenso mawu. Liyaka mpaka mutatopa nalo. Amisiri a masiku anowa sangakuganizireni zimenezi."

Mayi anazembera kuchipinda n'kuimba foni ya mwana wake. Yozima. Anaimbanso. Anatuluka, anaanula zovala zosauma, anazibwezeranso pa chingwe. Anaganiza zokamudikira kumsewu, koma asanafike pageti anamva, "Mayi, tepi ija mwaiyika kuti?" Ankangoona m'maganizo mwake kuwala kukumuwalira mwana kumaso, khanda likulira, bambo ake akutuluka ndi mawu aja omveka nyumba zitatu. Akachita manyazi lero, mwana uja sadzabweranso. Mtima wake ndi wa bambo ake.

Dzuwa litalowa, a Injiniya sanapite pabalaza. Anakoka mpando n'kukhala m'khitchini, pafupi ndi swichi, manja atapinda. TV inali zii.

"Nkhanitu zayamba," anatero mayi.

"Zidzandipeza mawa."

Mayi anatsuka kapu yotsuka kale. Anaipukuta, n'kuitsukanso. Kenako panja panayera ngati masana.

Pa katani panaoneka chithunzithunzi cha mzimayi wobereka mwana. Chinafika pakhomo n'kuima. Sichinagogode, sichinathawe. Mayi anafuna kufuula kuti bwerera, koma amuna awo anali pomwepo. Anayamba kupemphera kuti mphindi ija ithe msanga, mdima umubise mwana wake.

Getsi linazima. A Injiniya anatambasula dzanja n'kudina swichi. Linayakanso, osaphethira.

"Bambo, chonde," mayi anagwira mkono wawo. "Ngati n'kukalipa, kalipirani ine. Ndine ndimamuitana."

A Injiniya sanawayang'ane. Maso anali pa katani, ndipo mawu awo, kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi atatu za ukwati, anatsika.

"Miyezi itatu ndakhala ndikumusuzumira pawindo la kubafa, mayi. Amaima pamenepo nthawi yaitali asanalimbe mtima kugogoda, mumdima, ndipo mdzukulu wanga nkhope yake sindinaione n'kamodzi komwe. Tsegulani chitseko."