Thewera la Mayi Noelene

Panali munthu wina ku Hobart, dzina lake Hamish Vella. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo ine sindikuikayikira, chifukwa anthu amtundu wake ndimawadziwa.

Hamish anali m'gulu la pa intaneti la anthu osinthana mowa wosowa kudzera pa positi. Gululo lili ndi mndandanda wa anthu okhulupirika, ndipo dzina lake linakhalapo zaka zisanu ndi zinayi popanda banga. Dzina likachotsedwa pamenepo, palibenso amene angakutumizire ngakhale botolo limodzi. Lamulo lawo ndi lakuti katundu akatayika kapena kusweka panjira, mlandu ndi wa wotumiza: atumizenso wina popanda kunyinyirika. Wolandira iye amangoonetsa zithunzi.

Tsiku lina anasinthana ndi Mayi Noelene Draper a ku Cairns, munthu wachikulire amene anali asanakumanepo naye. Mayiwo anam'tumizira botolo lalikulu la mowa wakuda umene unakhala mumgolo zaka zitatu, lomata pakamwa ndi phula lofiira. Linafika bwinobwino, lokulungidwa m'thewera la mwana monga amachitira osinthana mowa, kuti likasweka thewera limwe mowawo katoni isanyowe.

Loweruka masana akuwotcha nyama, Hamish anadula phula lija n'kumwa mowawo ndi mlamu wake. Unakoma moti mtima unayamba kum'nong'oneza kuti apezenso botolo lina laulere. Mlamu atangochoka, anatenga botolo lopanda kanthu kupita nalo m'galaja.

Mkazi wake, Bronte, anamva kuti phwaa! Anam'peza akuika magalasi a botolo lija pa thewera n'kumathirapo khofi wa m'kapu.

"Iwe, ukutani apa?"

"Ndikukonza ngozi," anatero Hamish akuseka. "Lamulo likuti atumizenso. Ine sindinalembe lamulolo."

"Ukubera nkhalamba, manyazi ulibe? Usiye zimenezo."

"Aa, iwenso. Ali kutali uko kotentha, aona bwanji? Chithunzi sichinunkha khofi."

"Chakomachakoma pusi anagwa chagada," anatero Bronte, n'kubwerera m'nyumba.

Khosi la botolo analiponya m'bini, poti phula lodulidwa ndi mpeni likanamuulula. Kenako anajambula zithunzi n'kuzitumiza ndi mawu achisoni kwambiri, ngati a pamaliro.

Mayi Noelene anayimba foni tsiku lomwelo.

"Pepa mwanawe, zandikhudza. Sunachekeke ndi magalasi?"

"Ayi mayi, ndapulumuka. Koma mtima ndiye wasweka."

"Ndikumvetsa. Tandijambulira khosi la botolo, pamene pali phula paja."

"Ndataya kale, mayi. Linali lakuthwa, ndiye kuno kuli galu."

"Wachita bwino, galu asavulale. Nanga thewera ndi lomwe lili pachithunzili? Sunasinthe?"

"Ndi lomwelo, monga ndalipezera."

"Chabwino. Ndatsala ndi botolo limodzi lokha, ndimasungira ukwati wa mwana wanga. Koma lamulo ndi lamulo. Katoni ikubwera."

Atadula foni, Hamish sanasangalale monga amayembekezera. Mayiwa anavomera msanga kwambiri. N'chifukwa chiyani anafunsa za thewera? Anatsegulanso zithunzi zija, kuzikuza, kuziyang'ana mbali zonse. Magalasi analipo, banga lakuda linalipo, panalibe cholakwika. Komabe sabata yonse ankangodzidzimuka foni ikalira, ndipo Bronte akam'yang'ana, iye amayang'ana kumbali.

Lachisanu katoni inafika. Hamish atainyamula anaona kuti ndi yopepuka ngati muli nthenga. Asanaitsegule, foni inalira. Anali Fergus, mmodzi wa oyang'anira gulu, mnzake wa kalekale.

"Aise, waona zomwe zili pagulu?"

"Zotani?"

"Tatsegula uone. Ine ndakhumudwa nawe, Hamish. Ndine ndinakuikira umboni polowa iwe."

Pagulupo panali zithunzi ziwiri zoyandikana. China chinali chake chija: thewera laphwatalala lokhala ndi kabanga pakati. Chinacho anajambula Mayi Noelene kukhitchini kwawo: thewera la mtundu womwewo atalithira botolo lathunthu la madzi, litatupa ngati pilo. Pansi pake analemba kuti: "Ndalera ana anayi ndi adzukulu asanu ndi awiri. Thewera limene lamwa botolo lonse ndimalidziwa ndi maso okha. La Hamish lamwa kapu imodzi. Wotsalawo wamwa ndani?"

Anthu sanachedwe. Wina wa ku Perth analemba kuti chaka chatha nayenso anam'tumizira Hamish kawiri, ndipo tsopano wayamba kukayikira. Ulendo umenewo botolo linaswekadi, Hamish sananame, koma ndani akanam'khulupirira? Anthu atatu amene amayenera kusinthana naye mwezi umenewo anabweza mawu. Dzuwa lisanalowe, Fergus yemweyo anachotsa dzina lake pa mndandanda. Zaka zisanu ndi zinayi zinathera pa kapu ya khofi.

Kenako Hamish anatsegula katoni ija. Munalibe botolo. Munali thewera limodzi latsopano, lopindidwa bwino, ndi kapepala. Bronte anakatola n'kuwerenga mokweza, osam'chitira chisoni ngakhale pang'ono:

"Mwanawe, ndinalonjeza katoni, ndiye nayi. Botolo tikamwa pa ukwati. Ili upukutire misozi, limamwa kwambiri kuposa mmene umaganizira."

Phunziro: Lamulo loti wotumiza atumizenso linaikidwa pothandiza amene waonadi ngozi, osati kuti ochenjera azidyerapo. Katundu akafika atawonongeka, jambulani zonse monga mwazipezera, musataye kanthu mnzanu asanaone, ndipo nenani zoona. Akafika bwino, thokozani basi. Bodza limodzi limadetsa ngakhale zoona zimene munanenapo kale. Musaisunge nokha nkhaniyi, ipatsireni anzanu onse amene amatumizirana katundu ndi anthu osawadziwa.