Dzina Limene Mervin Anafufuta

Panali munthu wina ku Chongwe, dzina lake Mervin, amene ankalemba nkhani pa tsamba lina la pa intaneti lokondedwa ndi alimi. Amene amamudziwa akuti sanali waulesi ayi. Mwini tsambalo ankafuna nkhani yatsopano m'mawa, masana ndi madzulo, pamene olemba anali awiri okha, iye ndi mayi wina dzina lake Ednah. Mervin sankakhazikika. Foni m'manja, mwendo ukugwedezeka, maso akusakasaka choti aike.

Chaka china mvula itangoyamba, mbozi zinalowa m'chimanga. Alimi ankatumiza mauthenga osaleka, kufunsa chochita. Mervin anafufuza mpaka anapeza nkhani ya Chipego, mayi wa ku Silverest wophunzira zaulimi, yofotokoza kasakanizidwe ka tsabola, phulusa ndi sopo wa ufa. Pansi pake Chipego analemba kuti aliyense angakopere kwaulere, bola atchule dzina lake ndi kuika linki yopita kumene nkhaniyo inachokera.

Mervin anakopera yonse, nafufuta mzere wapansiwo, nalemba dzina lake pamwamba. Ednah anaona.

"Iwe Mervin, dzina ya mwine waipeleka kuti?"

"Ni vya mahala, Ba Ednah. Mwine wake akamba kuti tengani."

"Akamba kuti tengani, sanakambe kuti kwatilani. Faka chabe linki."

"Nikafaka linki, bantu bazathawila kwa eve. Manje ba bosi bazanifunsa ati iwe ugwila nchito bwanji pano?"

Ednah anapukusa mutu. Mervin anaitumiza nkhaniyo.

Nkhaniyo inauluka. Inalowa m'magulu a WhatsApp a alimi, a mpingo, ngakhale a maliro. Pa siteshoni makondakitala anayamba kumuitana kuti "dokota wa mbozi," iye n'kumaseka, osakana.

Koma Chipego anali atalakwitsa. Pa muyeso wa sopo analemba kapu m'malo mwa supuni. Atazindikira, anakonza msanga, naika chenjezo pamwamba pa nkhani yake. Kenako anasaka masamba onse amene anatchula dzina lake, nawatumizira uthenga kuti akonze. Tsamba la Mervin sanalipeze, poti dzina lake kunalibe. Owerenga a Mervin nawonso analibe linki yowabwezera kumene kunali chenjezo. Mervin mwiniyo anali atathamangira kale nkhani zina.

Tsiku lina m'mawa, mlimi wina wachikulire wa ku Kanakantapa, Ba Matthias, analowa mu ofesi matope ali m'nsapato. Anaika chimanga pa tebulo la Mervin. Masamba ake anali opserera ngati adutsa pamoto.

"Ndimwe ba dokota?"

Mervin anaimirira, nakhalanso pansi.

"Nachita vonse mwamene munalembela, kapu yozula. Mbozi zafa, na milisi yafa. Siine neka, tili bambili. Benangu bali panja."

Mervin anatsegula nkhani ya Chipego. Chenjezo linali pamwamba penipeni, lakalekale.

"Ba tate, pepani. Sininalembe ine iyi. Analakwisa ni muzimai wina wa ku Silverest."

Ba Matthias anatulutsa foni yawo, naiyandikiza kumaso kwa Mervin.

"Nanga iyi dzina ni ya muzimai? Mwana wanga, sankha chimozi. Ngati unalemba ndiwe, tiye ukaone munda wamene waocha. Ngati sunalembe, choka panja uuze bantu kuti unaba."

Mervin anayang'ana Ednah. Ednah anayang'ana pansi. Panja anthu anali atayamba kugogoda pa zenera.

Mervin anatuluka, nanena zoona pamaso pa onse. Mwini tsamba, yemwe ankamuyamikira nkhani ija itauluka, anamuchotsa ntchito tsiku lomwelo, nauza anthu kuti iye sankadziwa kanthu. Chipego atamva, anakwera minibasi mpaka ku Kanakantapa kukapepesa yekha, chifukwa muyeso wolakwikawo unali wake. Alimi anamukalipira, koma anamupatsa mpando. Mervin atapitako tsiku lotsatira, alimiwo anamusiya chiimire pamsewu. Nthawi yobzalanso inali itadutsa.

Phunziro: Wolemba aliyense amalakwitsa, ndipo mabwana amene amafinya antchito awo ali ndi mlandu wawo. Koma chinthu chopatsidwa kwaulere chimakhalabe ndi mwini wake. Dzina lake ndi linki si ulemu chabe, ndi njira imene chenjezo limadzera kukafika kwa owerenga. Ukafufuta dzina la mwini, watseka njirayo, ndipo zolakwa zake zonse wazisenza wekha. Tumizani nkhaniyi kwa atolankhani, oyendetsa masamba ndi onse amene amakopera za pa intaneti, mvula isanabwerenso.