Tayala Loyera

Tinadutsa chulu mawilo a kandege akadali mu udzu wonyowa. Kumbuyo amayi anali pa machira, diripi ikugwedezeka.

Ndisanapite kunja ndinkatchetcha bwalo la ndege limeneli. Tayala loyera linkakhala pachulupo: ndege ikalidutsa isananyamuke, iime. Tsopano linali kutsogolo, kufupi ndi mabulugamu. Wotchetcha wina analisuntha osalibweza. Zaka makumi awiri zokha, ngakhale tayala osandidikira!

"Imani, achimwene!" ndinakuwira woyendetsa.

"Khalani phee, akunja inu. Patayala sitinafike."

"Tayalalo analisuntha! Chulu sichiyenda!"

Anandiyang'ana kamodzi, n'kuponda mabuleki. Kandege kanatsetsereka chammbali, mwendo umodzi thyo, phiko n'kukalima matope patsinde pa bulugamu.

Kunangoti zii. Kenako amayi anatsokomola.

"Mwanawe, tafika kale kuchipatalako?"