Phokoso la mu Tepi ya Adada

Foni inalembanso kuti malo adzaza. Kachitatu tsiku lomwelo. Monalisa anatsonya, n'kudilita mavidiyo a ukwati wa mnzake, zithunzi za ku koleji, mpaka kagemu kake ka maswiti. Apu yochotsa phokoso inali itaima pa 62 peresenti, ndipo netiweki ya pa Chama inkangosuzumira n'kuthawa. Kabaa kamodzi, kenako zii.

Kunali kutentha kwa Okutobala, kuja koti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Kumapeto kwa khonde la nyumba yawo kunakhala adada ake, a Jeremiah Ng'uni, wailesi yakale ya matepi ili pamiyendo, bolopeni ili m'manja. Mu wailesimo munalibe kanthu.

"Yatheka?" anafunsa a Ng'uni.

"Manje manje, adada."

"Dzulo unakamba chimodzimodzi."

A Ng'uni analiza lipenga zaka makumi atatu mu bendi yaikulu ya jazi ku migodi. Anthu 17 pa siteji, masuti oyera, masakisofoni kutsogolo, malipenga kumbuyo. Mu 1997 madala a bendiyo anakumana komaliza mu holo ina ku Ndola, ena imvi mbuu, wa ng'oma akuyendera ndodo, ndipo munthu wina anajambula konsati yonse pa tepi. Tepi imodzi chabe.

Monalisa anakula ndi tepiyo. Amake, a Ennie, anamwalira iye asanayambe kuyenda, chithunzi chawo chinadyedwa ndi chiswe, ndipo adada sanali munthu wokamba zakale. So nyumba inali ya anthu awiri ndi tepi imodzi.

Ankaidziwa pamtima. Pa mineti yachinayi bendi yonse imatsika pansi, lipenga la adada n'kutsala lokha. Limakwera, limakwera, ndiye pomwe lifika pa noti yapamwamba peni peni, mzimayi wina amene anakhala pafupi ndi chojambulira amang'amba nthungululu. Futi n'kuseka. Noti yonse kukwiririka.

Pamenepo adada ankaimitsa tepi nthawi zonse. Kutseka maso, kupukusa mutu, kutulutsa tepi, kuibweza kumbuyo ndi bolopeni kuti mabatire asathe, n'kuyambanso. Tsiku lililonse. Monalisa ankamuzonda, kumuda kwenikweni, mzimayi uja ngati amamudziwa. Munthu waphunzira lipenga moyo wake wonse, iwe n'kubwera ndi pakamwa pako kudzaphimba noti yake yabwino kuposa zonse?

Sabata yatha wailesi inatafuna tepi ija. Inatuluka ngati matumbo a nkhuku, yodukaduka, yosalumikizika. Adada anangosiya kumaliza chakudya, n'kumakhala pakhonde ndi bolopeni yawo.

Mwayi unali woti mwezi wathawu Monalisa anajambula tepi yonse pa foni, ataigunditsa pa sipika. Akanatha kungowapatsa tsiku lomwelo. Koma iye anafuna zapamwamba. Anamva kuti pali apu imene imachotsa phokoso lililonse n'kusiya nyimbo yokha, ndiye anawauza adada kuti adikire pang'ono, awakonzera sapulaizi. Pang'onopo panakwana masiku asanu. Masiku asanu oimika foni pa mtondo, pa denga la khola, pa nthambi ya mango, kusakasaka netiweki.

Anaimirira, n'kukweza foni m'mwamba ngati akudalitsa mudzi. 80. 91. Inaima. Anaitukwana chamumtima. 100.

Anavala mahedifoni kuti alaweko. Koyera. Kutsokomola kwa anthu kulibe, mabotolo kulibe, mipando yokhwekhwereza kulibe. Analumphira pa mineti yachinayi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anaimva noti ija yonse, yaitali, yowongoka, yopanda wopikisana nayo. Tsitsi linamuimirira.

Anadina kuti asunge. Foni inati malo palibe.

"Iwe foni, ufuna nikupase chani futi?"

Anayang'ana zotsala. Manambala a anthu, masatifiketi ake a uphunzitsi, ndi fayilo imodzi yaikulu: kujambula koyamba kuja, kwa phokoso. Sanaganize kawiri. Chaukhondo chilipo, chauve n'chachani? Anaidilita. Foni inati ikadali mu bini. Anakhuthula ndi bini yomwe. Nyimbo yatsopano inalowa bwinobwino.

Anagwada pafupi ndi mpando wa adada, n'kuwachotsera wailesi pamiyendo, n'kuwaveka mahedifoni.

"Mverani manje. Simunaimvepo chonchi."

Masakisofoni atangoyamba, nkhope ya a Ng'uni inamasuka. Phazi linayamba kugunda simenti. Zala zitatu za kumanja zinkadina m'mwamba, pomwe kale pankakhala lipenga. Ankatchula maina a anzawo chapansipansi, uyu akalowa, uyo akalowa, onse anagona kale. Monalisa ankangoyang'ana manambala pa sikirini. Mineti yachitatu. Yachitatu ndi hafu. Adada anaweramira kutsogolo, n'kutseka maso.

Noti ija inabwera, inakhala, inapita.

Phazi linaleka kugunda.

"Bwezako kumbuyo."

Anabweza, akumwetulira. Mwina sanakhulupirire makutu awo. Noti inabweranso, yoyera ngati poyamba. A Ng'uni anavula mahedifoni pang'onopang'ono, n'kuyang'ana mkati mwake, mbali iyi, mbali iyo, ngati muli chimene chagweramo.

"Nachotsa phokoso lonse, adada," anatero Monalisa. "Na mzimayi uja wamene anali kukusokonezani. Sazabwelanso."

A Ng'uni anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Lipenga ndimalidziwa, mwana wane, ndinaliza ndine," anatero. "Ine ndimabweza kuti ndimve amako akuseka. Ndiikire yakale ija."