Bambo Amene Anakana Kuti Mwana Wake Atengedwe Magazi

Panali bambo wina, dzina lake Sunganani, tenanti pa esiteti ina ya fodya ku Chulu. Kwawo kunali ku Phalombe. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi mayi wina amene ankasoka naye fodya m'chigafa chimodzi.

Sunganani anali dokotala wa pakhomo pake. Lachinayi lililonse pa esitetipo pankafika Lemani, wogulitsa mankhwala pa njinga yamoto, amene palibe ankadziwa kwawo. Sunganani ankagula makapisozi aja ofiira ndi achikasu. Chifuwa, kapisozi. Chilonda, kutsegula kapisozi n'kuwaza ufa wake. Ngakhale nkhuku zikayamba kusinza ankazisungunulira m'madzi. Munthu akangopezako bwino, otsalawo ankawasungira odwala mawa.

Mu Febuluwale, fodya ali pakati pothyola, mwana wake yekhayo, Tithokoze, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anayamba kutentha thupi. Bambo ake anamupatsa makapisozi masiku anayi. Thupi silinazizire.

Mkazi wake Ezelina anati, "Bambo a Titho, mwanayu tipite naye kuchipatala."

"Nanga fodyayu athyola ndani? Ukufuna apsere m'munda?"

Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi mwana anakana ngakhale madzi, ndiye anamukweza pa njinga. Kuchipatala anamuyeza malungo, sanawapeze. Namwino wina, mayi Anesi, anawakhazika pansi.

"Tikuganiza kuti ndi taifodi. Timugoneka, tiyambe kumubaya. Titenganso magazi pang'ono kuti ku labotale aone mankhwala amene akupha kachilomboka, chifukwa masiku ano tizilombo tina tazolowera mankhwala."

"Magaziwo akathera kuti?" anafunsa Sunganani.

"Kachilomboko akakapeza amakatumiza ku Lilongwe. Kwabwera makina owerenga chibadwa cha tizilombo. Amatiuza ngati ka mwana wanu n'kapachibale ndi ka odwala ena, ndiye timadziwa kumene matenda akuchokera."

Sunganani sanamve zonsezo. Anangomva mawu atatu: magazi, makina, Lilongwe. Kwawo ku Phalombe anagonapo panja miyezi iwiri, chikwanje m'manja, kuthawa anamapopa. Anatuluka n'kuimbira foni Lemani.

Lemani anati, "Achimwene, musalole! Magazi a ana ndi malonda amenewo. Mtengeni mwanayo. Ndili ndi makapisozi amphamvu ochokera kunja."

Namwino atapita kukatenga zipangizo, Sunganani anamunyamula Tithokoze. Ezelina anagwira chitseko.

"Bambo a Titho, ndapota nanu."

"Mwana wanga sapopedwa ine ndili moyo."

Anamukankha n'kudutsa. Mayi Anesi anawathamangira mpaka pageti, koma njinga inali itapita.

Makapisozi ochokera kunja aja anali omwe aja, mtundu wokha ndiwo unasintha. Tithokoze anamwa masiku asanu. Mimba inatupa n'kuuma gwa! Anamwalira Lamlungu m'mawa, anthu akupita kutchalitchi. Ndalama yonyamulira maliro kupita ku Phalombe panalibe, choncho anapempha malo kumanda a m'mudzi woyandikana nawo. Lachinayi lotsatira Lemani sanabwere, ndipo foni yake sinalirenso.

Sunganani sanalire. Atachoka kumanda anakagwira singano n'kuyamba kusoka fodya. Ankadya akapatsidwa, ankayankha akafunsidwa. Ezelina anasiya kumulankhula, ndipo iye sanafunse chifukwa chake.

M'masabata otsatira ana ena anayi a pa esitetipo anadwala chimodzimodzi. Makolo awo anaona zimene zinachitika, ndiye anathamangira nawo kuchipatala n'kulola kuti magazi atengedwe.

Mu Epulo mayi Anesi anabwera ndi azaumoyo ena. Anasonkhanitsa matenanti onse pachigafa.

"Makina aja awerenga," anatero. "Kachilombo ka ana anayi onsewa n'kamodzi, banja limodzi. N'chifukwa chake tinayamba kufunsa kumene amatunga madzi, ndipo onse amamwa pa chitsime cha kudambo chija. Tachitseka lero. Kachilomboka makapisozi amene mumagula aja sikawamva n'komwe, kanawazolowera kalekale. Koma jakisoni wa kuchipatala akukapha. Ana anayi onse achira."

Anthu anaomba m'manja. Mmodzi mwa anawo ankathamanga pakati pa mizati ya chigafa, akuseka.

Msonkhano utatha, Sunganani anawatsatira mayi Anesi kugalimoto, singano idakali m'manja.

"Mayi, mwandikumbukira?"

"Ndakukumbukirani, bambo."

"Jakisoni mukunenayo wabwera liti?"

Mayi Anesi anayang'ana pansi. Ankafuna kunama, koma sanathe.

"Analipo kale."

"Tsiku lija analipo?"

"Ndi amene ndinapita kukatenga."

Sunganani anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa feteleza. Anati, "Zikomo, mayi," n'kubwerera m'chigafa. Anakhala pansi, anatola tsamba, analiboola. Anatola lina. Amene anandiuza nkhaniyi akuti anasoka mpaka fodya anatha pamulu, kenako anangokhala pomwepo, manja ali pamaondo.

Phunziro: Abale anga, wakutsina khutu ndi mnansi. Makapisozi si maswiti. Tikamamwa mwachisawawa, kusiyira panjira, kapena kupatsa nkhuku, tizilombo timazolowera, ndipo tsiku limene mwana wanu adzawafune sadzagwira ntchito. Azachipatala akapempha magazi kapena chimbudzi kuti akayeze, lolani. Sakufuna magazi anu, akufuna kumudziwa mdani amene ali m'magazimo, kuti apulumutse wanu ndi wa mnzanu yemwe. Musamvere munthu amene simukudziwa ngakhale kwawo. Tumizani uthengawu ku gulu la kumpingo, la kuntchito ndi kwa abale akumudzi, mwina pali bambo wina amene waima pageti la chipatala lero, mwana ali m'manja.