Thovu M'mabuleki

"Pondani, bambo, pondani!" anakuwa Magdalena pamtsetse wa ku Chezi.

Amuna ake, a Danieli, omwe ankaimira chipani chawo pa chisankho cha aphungu, anaponda buleki mpaka pansi, koma galimoto nayo inali italowa demokalase: sinamvere. Kagalimoto kofiira ka mipando iwiri, kosiyidwa ndi mzungu wa kuesiteti, kanakaima m'chimanga, injini ikufuka nthunzi.

A Danieli atatsegula boneti, m'kabotolo ka mafuta a mabuleki anapezamo madzi a sopo.

"Koma anakonza ndi achimwene anga," anatero Magdalena. "Mafuta munawapatsa pamanja!"

Posakhalitsa lole ya chipani china inatsika mtsetsewo bwinobwino n'kuima pomwepo. Woyendetsa anali achimwenewo.

"Alamu, tikukwezeni? Musaope, yathuyi ikugwira mabuleki!"